Mphezi Yopanda Mvula ndi Moto wa M'mapiri a Luangwa

(Ng'oma ndi kalimba. Nyimbo itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Mwaswera bwanji omvera athu nonse, kuyambira pa boma la Luangwa, pamene akuluakulu akali kutchabe kuti Feira, mpaka ku Kavalamanja, Mandombe, Kapoche, Katondwe, Chitope ndi Kaunga. Moni kwa inunso a kutsidya, a ku Zumbo ndi a ku Kanyemba, poti mawu a wailesi sapempha chiphaso pooloka mtsinje. Utsi nawo supempha. Masiku ano mukatuluka panja usiku n'kuponya maso kumapiri, mukuona chingwe chofiira chikukwawa m'mbali mwa phiri, m'mawa mwake n'kupeza phulusa la udzu likuyandama mumtsuko wa madzi akumwa.

Sabata yatha pamsika ndinapeza anthu atakokana. Wina akuti moto uli kumapiriwu yayatsa ndi mphezi. Mnzake akuti bodza, mphezi ingayatse bwanji moto poti imayenda ndi mvula, ndipo mvula ndi madzi? Amayi ena ogulitsa malambe anangoti, "Mphezi yobwera yopanda mvula ili ndi mwini wake." Onse zii.

Ndiye lero ndaitana atate amene agwira ntchito ya zankhalango zaka zambiri mpaka kupuma, kuti atimasulire mlanduwu. Atate, takulandirani.

MLANGIZI: Zikomo amayi, ndipo moni kwa onse amene atchera khutu. Ndiyambe ndi uja akuti mphezi siyenda yopanda mvula. Kunena za kumwamba, akulondola. Mtambo wa mabingu uliwonse uli ndi madzi ndi matalala m'mimba mwake. Mphezi imabadwa pamene timatalala ndi timadontho tikukhulana, tina tikukwera tina tikutsika, mpaka mphamvu ya magetsi itachuluka n'kusowa pokhala. Nkhani yagona pakuti madziwo afika pansi kapena ayi.

Taganizani za Okutobala wa kwathu kuno. Pamene Luangwa amathira mu Zambezi ndiye malo otsikitsitsa m'Zambia monse, mamita 329 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Masana kutentha kumapyola madigiri 40. Mvula yomaliza tinaiona Malichi kapena Epulo. Mpweya wa pakati pa nthaka ndi mtambo uli ngati wa mu uvuni ya njerwa. Dontho likachoka mumtambo lili ndi ulendo wautali kudutsa mu uvuni imeneyi, ndipo limauma lisanafike. Mukhoza kuziona ndi maso anu: kunsi kwa mtambo kumalendewera timizere totuwa ngati ndevu za tonde, koma sitikhudza phiri. Imeneyo ndi mvula yofera m'njira. Chosauma ndi mphezi yokha, iyo imafika pansi ndithu.

WOULUTSA: Ndiye kuti mvula imakhala yagwa, koma m'mwamba mokhamokha?

MLANGIZI: Eya. Nthawi zina timadontho tingapo timafika, tongonunkhitsa fumbi. A zanyengo amati mabingu akagwetsa madzi osakwana mamilimita 2.5, amawawerengera kuti ndi ouma, chifukwa madzi oterowo sanyowetsa udzu wa pansi pa mtengo. Palinso china. Madzi aja akamauma m'mwamba amaziziritsa mpweya, mpweya wozizirawo n'kulemera, n'kugwa pansi ndi ukali, n'kubalalikira mbali zonse. Ndiyo mphepo ija imabwera mwadzidzidzi ndi fumbi, kusasula madenga, amayi n'kumathamangira kukaanula ufa, kenaka osagwa kanthu. Mtambo umodzi womwewo wapereka machesi, waperekanso chokupizira moto, koma madzi wamana.

WOULUTSA: Nanga amayi a malambe aja, atate, muwayankha chiyani?

MLANGIZI: Amayiwo ndi makolo athu, sindingawatsutse mwachipongwe pa wailesi. Tonse tinakula tikumva kuti mphezi amatumizirana, ndi kuti nkhuni za mtengo woombedwa ndi mphezi sasonkhera pamafuwa. Ine ndingofotokoza chinthu chimodzi chimene chimaonetsa moto wa mphezi ngati wamatsenga. Moto umenewu umadziwa kubisala.

Mphezi imatenthetsa mpweya umene yadutsamo kufika madigiri pafupifupi 30,000, kasanu kuposa kunja kwa dzuwa lenilenilo. Koma zambiri zimangothwanima kamodzi, kung'amba khungwa, basi. Kutentha n'kwakukulu koma nthawi yachepa, monga mukadutsitsa chala msangamsanga pa lawi la koloboyi. Zilipo zina zochepa zimene mphamvu yake imachedwerapo pang'ono isanaduke, ndipo zimenezo ndizo zimayatsa. Yotereyi ikamenya mtengo wouma wa mphako, moto umalowa m'kati n'kumanyeka chamumtima, osatulutsa lawi. Aliyense amene anaonapo chipika cha tsanya chikunyeka akudziwa: chimatha masiku, pomaliza n'kusiya chithunzi chake cha phulusa loyera pansi, nthambi zonse zikuoneka bwinobwino.

Ndiye mabingu agunda Lolemba, anthu aiwala. Lachinayi masana kumwamba kuli mbee, kamvuluvulu wadutsa, mtengo uja wagwera mu udzu. Moto buu! Anthu ayang'ana kumwamba, kulibe mtambo. Ayang'ana m'njira, mulibe mapazi. Wotsala ndani? Agogo ena a kumapeto kwa mudzi amene alibe wowayankhulira. Apa pokha ndiye ndimakana, amayi. Tisanaloze munthu chala, tiyambe tafunsa ngati kunagunda mabingu sabata imeneyo, ndipo tikaone poyambira moto ngati palibe mtengo wong'ambika kuchokera kunsonga mpaka kutsinde.

WOULUTSA: Kodi zimenezi n'zathu zokha, kapena kwinanso zimachitika?

MLANGIZI: Kwina ndiye zimachita kunyanya. M'mapiri a kumadzulo kwa America ndi Canada, ndiponso ku Australia, chilimwe chawo ndiyo nyengo ya mabingu ouma. Ku California, pakati pa Ogasiti 2020, mphezi zoposa 10,000 zinagwa m'masiku ochepa okha n'kuyatsa moto m'malo mazanamazana. Ina mwa miotoyo inakumana n'kukhala chimoto chimodzi chimene anachitcha August Complex, ndipo chinapsereza mahekitala oposa 400,000. Kuti mumve kukula kwake: paki yathu ya Lower Zambezi yonse ndi masikweya kilomita 4,092. Ndiye kuti moto umodzi unadya malo aakulu ngati paki yonseyo. Ku Australia, mphezi imodzi yokha ya pa 26 Okutobala 2019 inayatsa moto pa phiri la Gospers, n'kupsereza mahekitala oposa 500,000 usanazime.

Koma ndisakunamizeni, ndipo apa omvera ena andida. Kwathu kuno mphezi timainamizira. Moto wa m'mapiri athu umayamba Juni, Julayi, kumwamba kulibe n'kamtambo komwe. Mabingu oyamba amamveka Okutobala kapena Novembala. Nanga miyezi inayi yonseyi amayatsa ndani? Zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mlengalenga zimaonetsa kuti pa malo onse amene amapsa padziko lapansi chaka chilichonse, pafupifupi magawo 7 mwa 10 ali mu Africa, ndipo wochuluka wa moto umenewo ndi wa manja a anthu.

WOULUTSA: Atchuleni anthuwo, atate, musaope.

MLANGIZI: Ndiyambe ndi ine ndemwe. Mbewa ndimadya, sindibisa, ndipo ndili mnyamata ndinatenthapo tchire kuti mauna aoneke. Tsiku lina tinabwerako ndi mbewa zosadzaza n'kambale komwe, koma kumbuyo kwathu chitunda chonse chili psiti, pamodzi ndi mitolo ya udzu imene azakhali anamweta mwezi wathunthu. Chikwapu cha tsiku limenelo ndikuchikumbukabe.

Pali ofula uchi amene amasiya muuni ukufuka patsinde pa mtengo. Pali ootcha makala amene amaphula uvuni n'kuchoka nthaka ikali yamoto. Pali wososa m'munda amene wayatsa mapesi masana mphepo ikuomba. Pali woweta mbuzi ndi ng'ombe wofuna msipu wanthete, pali wopha nyama mozemba wofuna kuona patali kapena kufafaniza mapazi ake, palinso wapaulendo amene waponya kandudu pazenera la basi pa msewu wochokera ku Luangwa Bridge. Ena amangoyatsa poopa njoka ndi njovu m'njira, ndipo mantha amenewo sindiwaseka. Koma tisamati moto wa Ogasiti wachokera kumwamba.

WOULUTSA: Ngati zili choncho, nkhani ya mphezi tikuvutikiranji nayo?

MLANGIZI: Chifukwa cha kumene imagwa ndi nthawi imene imagwera. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Pofika Okutobala, pafupi ndi midzi papsa kale. Kumene kwatsala ndi kumapiri otsetsereka, m'makwawa ozama, m'kati mwa paki ndi m'dera losungira nyama la Rufunsa, kumene munthu safika kawirikawiri. Pansi m'chigwa, m'nkhalango za tsanya, udzu umakhala wapatalipatali. Koma mukakwera kumene kuli mombo ndi mtondo, udzu ndi wautali, wouma miyezi isanu ndi umodzi, ndi masamba ogwa ataunjikana pansi pake. Mphezi imakonda pamwamba. Ndiye moto wake, ngakhale ubwere kamodzikamodzi, umabwera pa mwezi woipitsitsa, pa malo opanda msewu, popanda woona. Anthu amauzindikira utakula kale.

Ndiwonjezepo chimene ambiri samachiganizira. Chaka cha mvula yabwino ndicho chimabala moto waukulu, poti udzu umachuluka. Chaka cha chilala, monga 2024 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka la chilala, udzu umachepa, koma mitengo imakhala yofooka, ndipo anthu amathamangira kutchire kukafuna masau, malambe, uchi ndi makala kuti ana adye. Chaka chabwino nkhuni za moto zimachuluka, chaka choipa oyatsa ndiwo amachuluka.

(Nyimbo pang'ono.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mphezi yopanda mvula ndi moto wa m'mapiri a Luangwa. Atate, mwatchula za mapiri otsetsereka. Moto wa paphiri umasiyana bwanji ndi wa m'dambo?

MLANGIZI: Apa ndikupempha aliyense asiye kaye chimene akuchita, chifukwa izi n'zokhudza moyo. Yatsani kamtengo ka machesi, mukagwire chopingasa: kamayaka pang'onopang'ono. Tsopano kazondotseni mutu pansi. Lawi limathamangira chala chanu nthawi yomweyo. Phiri ndi chimodzimodzi. Lawi limaweramira ku udzu wa kumtunda n'kuuumitsa, kuutenthetsa usanaufike. Masana mpweya wotentha nawo umakwera phiri, n'kumakankha moto kumbuyo. Ozimitsa moto amaphunzitsidwa kuti pa mtunda wopendekeka madigiri 10, liwiro la moto limawirikiza kawiri. Pa madigiri 20, kanayi. Munthu akamakwera, miyendo imalemera. Moto ukamakwera, umapepuka. Khwawa lopapatiza ndiye loopsa koposa, chifukwa limakoka moto ngati chumuni.

Ndikuuzeni nkhani imene ophunzira za moto amauzidwa m'maiko ambiri. Pa 5 Ogasiti 1949, ku Montana m'dziko la America, kunabuka moto m'khwawa lotchedwa Mann Gulch. Unayatsidwa ndi mphezi dzulo lake. Malowo mukanawaona mukanati ndi kwathu kuno: pansi mtsinje waukulu wa Missouri, pamwamba phiri, pakati udzu wouma. Amuna 15 anatsika ndi maparachuti kuchokera m'ndege, n'kukumana ndi mlonda wa nkhalango mmodzi amene anali kale pamalopo. Anali anyamata amphamvu, ozolowera ntchito. Akutsikira kumtsinje, mphepo inaulutsa moto n'kuugwetsa kunsi kwawo, pakati pa iwo ndi madzi. Anatembenuka n'kuyamba kuthawira kumtunda. Anataya zida kuti apepukidwe, koma moto unali kuwapeza.

Kapitawo wawo, Wagner Dodge, ataona kuti pamwamba safikapo, anaima n'kutulutsa machesi. Anayatsa udzu wa kutsogolo kwake, moto wakewo n'kuthamangira kumtunda, iye n'kulowa palupsa n'kugona chafufumimba. Anawaitana anzake kuti abwere, koma iwo anayesa wapenga, anapitiriza kuthamanga. Chimoto chija chitafika, chinasowa chodya pamene iye anagona, chinamulambalala. Anapulumuka. Anyamata awiri anapulumukira mumng'alu wa thanthwe pamwamba. Ena onse 13 anafa.

WOULUTSA: Mayo ine! Ndiye munthu akapezeka paphiri moto uli kunsi kwake, atani?

MLANGIZI: Choyamba, asayese kupikisana nawo kukwera. Apite cham'mbali, chotsika, kulunjika kumene kulibe udzu: pathanthwe, pamchenga wa mtsinje wouma wotakasuka, pamsewu, m'munda wolima kale. Malo abwino koposa ndi palupsa, pamene moto wadutsa kale, ngakhale pakuotcha kumapazi. Pamene malawi ali aafupi, ofika m'maondo, munthu akhoza kufunda kumaso n'kudumphira mbali yakupsa. Asalowe m'khwawa lopapatiza la udzu poganiza kuti abisala. Akasowa kothawira, agone pansi pamalo opanda udzu, nkhope kudothi, chifukwa mpweya wabwino umatsalira pansi, ndipo ambiri amayamba kugonja ndi utsi ndi kutentha lawi lisanawakhudze. Zovala za nayiloni zimasungunukira pathupi, chitenje cha thonje n'chabwinoko. Njira ya Dodge ija ndi yomaliza, pamene zina zonse zakanika, ndipo imagwira mu udzu, osati m'zitsamba zowirira.

Ozimitsa nawo amve. Moto sauchingamira kutsogolo, ndipo saima kumtunda kwake. Amaupuntha ndi nthambi zaziwisi kuchokera kumbuyo ndi m'mbali, phazi limodzi lili palupsa. Nthawi yake ndi madzulo, usiku kapena mbandakucha, pamene mphepo yagona. Masana dzuwa lili paliwombo, moto wa paphiri ngongoonerera patali. Pagulu pakhale mmodzi wosapuntha nawo, ntchito yake kungoyang'ana mphepo, makamaka mtambo wa mabingu ukayandikira, poti mphepo yake imatembenuza moto m'kuphethira kwa diso. Ndipo ana asapite. Ndikubwereza, ana asapite.

WOULUTSA: Ena anena kuti atate, tchire lakhala likupsa chiyambire makolo, ndipo mitengo ilipobe.

MLANGIZI: Akunena zoona, ndipo ine sindili m'gulu la amene amati moto wonse ndi woipa. Nkhalango zathu zinakula ndi moto. Vuto ndi mwezi wake. Umboni wake uli m'Zambia momwemuno. Mu 1933 a zankhalango ku Ndola anapatula zigawo za nkhalango ya mombo. Zina anaziteteza osazitentha konse. Zina ankazitentha chaka ndi chaka kuchiyambi kwa chilimwe, udzu ukali ndi chinyezi. Zina ankazitentha Okutobala. Katswiri wa zomera Colin Trapnell anasindikiza zotsatira zake mu 1959. Kumene ankatentha mochedwa, mombo ndi mtondo zinatha, n'kutsala ziphukira ndi mitengo yolimba pamoto monga mlombwa ndi muwanga, udzu n'kutenga malo. Kumene ankatentha msanga, nkhalango inakhalabe chiimire, osasiyana kwenikweni ndi yotetezedwa ija.

Moto wa Meyi ndi Juni ndi wozizira. Umayenda pansi, umasiya zigamba, usiku umazima wokha ndi mame. Moto wa Okutobala umakwera mpaka kunsonga, pa nthawi imene mitengo yangotulutsa kumene masamba anthete ndi maluwa. Ndiye chifukwa chake a zankhalango ndi a zanyama amalimbikitsa kutentha msanga, mwadongosolo, mudzi utagwirizana ndi mfumu. Zigamba zakupsa kalezo ndizo zimadzaimitsa moto wa mphezi ukabwera. Mphezi sitingailetse, koma chimene idzapeze pansi ikadzagwa, timakonza ndife mu Juni.

WOULUTSA: Nanga phiri likapsa mochedwa choncho, ife a m'chigwa timataya chiyani?

MLANGIZI: Funsani amayi amene amamweta udzu wofolera, ndi oluka mphasa amene amadalira bango la m'mphepete mwa mtsinje. Pitani pa Luangwa Bridge mukaone mphasa, madengu ndi nsomba zouma zimene zimadyetsa mabanja, muwerenge kuti ndi zingati mwa izo zimachokera ku zomera zimene moto umadya. Oweta njuchi amataya ming'oma. Mitengo ya masau ndi bwemba yaing'ono imafa isanabereke. Nyama zikasowa chodya kumtunda zimatsikira kumene kwatsala zobiriwira, ndipo m'chilimwe zobiriwira zili m'madimba athu. Za njovu m'dimba sindichita kuuza munthu wa kwa Mfumu Mburuma kapena kwa Mfumu Mphuka.

Chachikulu chimabwera ndi mvula. Makolo anaipatsa dzina mvula yoyamba, chizimalupsa, ndipo imatsatana ndi kokalupsa. Mvetserani dzina lachiwirilo. Imakoka. Phiri likakhala lambulanda, dontho limamenya dothi mwachindunji, madzi salowa pansi, amathamanga ndi phulusa, dothi ndi miyala kutsikira m'makwawa. Mchenga umakwirira madimba, timilatho timaduka, ndipo zitsime za m'mitsinje zimauma msanga chaka chotsatira. Dera lathu lili m'chigawo cholandira mvula yosakwana mamilimita 800 pachaka. Madzi ochepa omwewo tikuwalola kuthawira kudamu la Cahora Bassa pa tsiku limodzi.

WOULUTSA: Tatsala ndi mphindi zochepa. Munthu amene akumva pano, mawa m'mawa ayambire pati?

MLANGIZI: Ayambire pankhokwe. Atenge khasu alambule kuzungulira nkhokwe, khola, nyumba ndi mitolo ya udzu, mamita 5 kapena kuposa, mpaka dothi lioneke. Kumbali yoyang'ana phiri ndi kumene kumachokera mphepo akuzeko. Zinyalala zolambulazo asaziunjike m'mphepete momwemo. Mitolo ya udzu isatsamire nyumba. Sukulu, tchalitchi ndi manda, mudzi ulambule pamodzi. Amene akufuna kutentha m'munda ayambe walambula malire, auze anansi, ayatse madzulo mphepo itagona, ndipo asachoke mpaka chitsa chomaliza chitazima.

Mabingu ouma akadutsa, phiri muliyang'anitsitse sabata yathunthu, makamaka m'mawa pamene kautsi kowonda kamaima chilili. Abusa a mbuzi ndi asodzi ndiwo amayamba kuona. Mukaona, uzani anyakwawa tsiku lomwelo, iwo adziwitse a Komiti ya zachilengedwe ya m'dera lanu, a Forestry pa boma, kapena a zanyama ngati utsiwo uli cha kupaki. Mtengo umodzi wonyeka anthu asanu akhoza kuulambulira mozungulira n'kuukwirira ndi dothi. Pakapita masiku atatu, mudzi wonse sungauthe. Ndikumbutsenso kuti malamulo a nkhalango ndi a nyama zakutchire a 2015 amaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa ndi m'paki popanda chilolezo. Lamulo la nkhalango lomwelo linatsegulanso khomo loti midzi ipange magulu osamalira nkhalango zawo, ndipo ndikanakonda mafumu athu akanaligwiritsa ntchito kwambiri kuposa mmene zilili.

WOULUTSA: Za mphezi yeniyeniyo, kudziteteza thupi?

MLANGIZI: Mphezi youma imapha chimodzimodzi ndi ya mvula, ndipo imapeza anthu ali panja poti palibe chowathamangitsira m'nyumba. Mukaona ching'aning'ani, werengani mpaka bingu limveke. Masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Likamveka musanafike 30, lowani m'nyumba, ndipo mudikire mphindi 30 chigundire bingu lomaliza. Musabisale pansi pa mtengo woima wokha, ngakhale ukhale mlambe wa makolo. Tsikani pachitunda. Asodzi a pa Zambezi ndi pa Luangwa, kochezani bwato, poti pamadzi chinthu chachitali ndinu. Munthu akaombedwa, mugwireni msanga osaopa, thupi lake silisunga magetsi. Ngati sakupuma, mupsinyeni pachifuwa mobwerezabwereza uku ena akufuna galimoto yopita ku chipatala cha ku Katondwe kapena cha pa boma.

WOULUTSA:  Amayi anga a malambe aja, ngati mukumva, Loweruka ndibwera pamsika tidzapitirize. Inu anyamata a mbewa, taonani, atate avomera okha kuti anakwapulidwa, musadikire chikwapu chanu. Anyakwawa a kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ndi a kwa Mfumu Mphuka, tikupempha muitane anthu anu sabata ino, mugawane malo olambula mitambo isanayambe kusonkhana. Ndipo amene mwamva pulogalamuyi, kauzeni mwana wanu woweta mbuzi usiku uno asanagone: moto ukakhala kunsi kwake, asathawire kumtunda. 

(Ng'oma ndi kalimba.)